Ukhondo ndi chimbudzi pambuyo pa opaleshoni yowongola msana wopindika: mafunso ndi mayankho

Opaleshoni yowongola msana wopindikira m'mbali, vuto lomwe achipatala amalitcha scoliosis, imachitika kawirikawiri pamene kupindikako kwafika madigiri 45 kapena 50 ndipo kukuwonjezerekabe. Dokotala amamanga timisomali tachitsulo m'mafupa a msana, n'kutilumikiza ndi zitsulo ziwiri zazitali, kenako amaikapo tizidutswa ta fupa kuti mafupa omangidwawo agwirane akhale fupa limodzi. Kugwirana kumeneku kumatenga miyezi 6 mpaka 12. Ambiri mwa ochitidwa opaleshoniyi ndi achinyamata, makamaka atsikana, ndipo pamsinkhu umenewo munthu amalolera kuvutika mwakachetechete kusiyana ndi kufunsa dokotala za kudzipukuta kapena za msambo. Mayankho ali m'munsiwa akukhudza zimenezo. Pamene akusiyana ndi malangizo a dokotala amene anakuchitani opaleshoni, tsatirani a dokotalayo, chifukwa ndiye akudziwa mafupa omwe anamanga.

N'chifukwa chiyani kupita kuchimbudzi ndi kusamba zimavuta chonchi pambuyo pa opaleshoniyi?

Pa milungu yoyambirira, kawirikawiri 6 kapena kuposerapo, wodwala amaletsedwa zinthu zitatu: kuwerama, kupotoza thupi, ndi kunyamula zolemera. Tsono mukaganizira bwino, ntchito iliyonse ya ukhondo imafuna chimodzi mwa zitatuzi. Kudzipukuta kumafuna kupotoza chiuno, kutsuka mapazi kumafuna kuwerama, ndipo madzi osamba sapita okha kubafa. Kuwonjezera apo, minofu ya kumsana imakhala itadulidwa ndi kusokedwa, magazi amakhala atachepa m'thupi, ndipo mankhwala opha ululu amachititsa tulo ndi chizungulire. Njira yothetsera zonsezi ndi imodzi: zinthu zizibwera kwa inu pamsinkhu wa m'chiuno, osati inu kuzitsikira pansi. Pofunika kutsika, pindani mawondo ndi mfundo za m'chiuno, msana ukhale chiwongokere.

Masiku oyamba m'chipatala ndidzataya bwanji madzi?

Mukamadzuka kuchokera ku opaleshoni mudzapeza kuti anakuikani kale kapaipi kotulutsa mkodzo, catheter, muli mtulo. Kapaipika kamathandiza anamwino kuyeza kuchuluka kwa mkodzo, ndipo kamakupulumutsani ku ulendo wa kuchimbudzi pa nthawi yomwe simungathe kuimirira. Kawirikawiri amakachotsa pakapita tsiku limodzi kapena awiri, popeza kakakhalitsa kamabweretsa matenda a m'chikhodzodzo. Kukachotsa kumatenga kamphindi chabe, ndipo mkodzo woyamba ukhoza kuwotcha pang'ono.

Ngati padutsa maola 6 mpaka 8 kapaipi katachotsedwa koma mkodzo sukutuluka, pamimba pamunsi n'kumamveka kudzaza, uzani namwino nthawi yomweyo. Zimachitika chifukwa mankhwala ogonetsa ndi opha ululu amaulesitsa chikhodzodzo, ndipo achipatala ali ndi njira yotulutsira mkodzowo.

Papita masiku angapo ndisanachite chimbudzi. Kodi china chake chalakwika?

Kudzimbidwa ndi vuto lomwe limagwira pafupifupi aliyense wochitidwa opaleshoni imeneyi, ndipo ena amadandaula nalo kuposa bala lenilenilo. Mankhwala amphamvu opha ululu, monga morphine, codeine ndi tramadol, amachepetsa kayendedwe ka matumbo, moti chimbudzi chimakhalitsa m'mimba n'kuuma. Mapiritsi owonjezera magazi okhala ndi iron nawonso amalimbitsa chimbudzi ndi kuchidetsa. Kugona nthawi yaitali ndi kudya pang'ono kumawonjezera vutoli. Choncho kukhala masiku 3 mpaka 5 osachita chimbudzi si chachilendo, malinga ngati mpweya ukutuluka ndipo simukusanza. Namwino akamakufunsani m'mawa uliwonse ngati mwatulutsa mpweya, musamuone ngati wopanda ulemu. Akufuna adziwe ngati matumbo adzuka.

Chofunika ndi kusadikira kuti vuto likule. Mankhwala ofewetsa chimbudzi monga lactulose, senna kapena bisacodyl amayenera kuyambidwa msanga, limodzi ndi mankhwala opha ululu aja, ndipo ngati akutulutsani m'chipatala osakupatsani, funsani musanachoke. Imwani madzi okwana malita 1.5 mpaka 2 patsiku pokhapokha dokotala atakuletsani. Yendani pang'onopang'ono kangapo patsiku, ngakhale kungozungulira nyumba, popeza kuyenda kumathandiza kudzutsa matumbo. Pa chakudya, phala kapena nsima ya mgaiwa ndi yabwino kusiyana ndi ya ufa woyera, ndipo papaya wakupsa, mango, mapeyala, malalanje, nyemba, therere ndi masamba monga nkhwani kapena bonongwe zimathandiza kwambiri. Achibale amakonda kubweretsera wodwala buledi, mpunga, nyama ndi zakumwa zozizira poganiza kuti akumusangalatsa, koma mbale ya papaya ikanamuthandiza kuposa zonsezo.

Pali zinthu ziwiri zoti mupewe. Choyamba ndi kudzikakamiza mwamphamvu mutabanika mpweya, chifukwa kumakoka minofu yosokedwa ndipo kungakuchititseni chizungulire muli pampando. Tulutsani mpweya pang'onopang'ono pakamwa, ndipo ngati papita mphindi 10 popanda kanthu, dzukani mudzayesenso mukadya, popeza matumbo amayenda kwambiri chakudya chikangolowa. Chachiwiri ndi mankhwala azitsamba otsegula m'mimba ndi kudzipopera madzi kumbuyo popanda uphungu wa achipatala. Mphamvu ya zitsambazo siidziwika, ndipo munthu wotsegula m'mimba yemwe sangathe kudzuka msanga ali pamavuto aakulu kuposa wodzimbidwa.

Kwathu tili ndi chimbudzi chokumba. Ndingachigwiritse ntchito?

Osati mmene munkachitira kale. Mapepala ambiri a malangizo a opaleshoniyi amalembedwa poganizira nyumba zokhala ndi chimbudzi chamadzi chokhalira, ndiye funso limeneli sililowamo, chonsecho ndilo lalikulu kwa mabanja ambiri kwathu kuno. Munthu akanjuta mpaka pansi, msana wam'munsi umapindika wokha ngakhale ayesetse bwanji, ndipo podzuka amafunika mphamvu zomwe wochitidwa opaleshoni alibe. Pansi pa chimbudzi pakhoza kukhala poterera, mkati muli mdima, palibe pogwira, ndipo kugwa pa milungu imeneyi ndi ngozi yaikulu.

Yankho ndi mpando woboola pakati. Mipando yotere imagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zachipatala, komanso kalipentala aliyense wodziwa ntchito akhoza kuupanga. Ukhale wa matabwa olimba, wamiyendo yotambalala kuti usagwedere, wokhala ndi zogwirira manja mbali zonse ziwiri, ndipo kutalika kwake kukhale koti munthu akakhala mapazi aponde pansi bwinobwino, chiuno chikhale pamzere umodzi ndi mawondo kapena pamwamba pang'ono. Kwa ambiri zimenezi ndi masentimita 45 mpaka 50, koma ndi bwino kumuyeza mwiniwakeyo. M'mphepete mwa bowo mupalidwe bwino ndi kupakidwa penti kapena vanishi kuti muzitsukika. Anthu ena amaboola mpando wapulasitiki, koma mpando wotero ukadulidwa pakati umafooka ndipo umatha kuthyoka munthu atakhalapo, choncho sitikulimbikitsa.

Mpandowu ukhoza kuikidwa pamwamba pa bowo la chimbudzi ngati pansi pali simenti yosalala ndi yolimba. Ngati ndi padothi kapena pamitengo, ndi bwino kuuika m'nyumba, m'chipinda chotsekeka, pansi pake n'kuikapo ndowa yokhala ndi chivundikiro ndi madzi pang'ono. Wothandiza azitaya ndowayo m'chimbudzi nthawi yomweyo, kuitsuka ndi sopo kapena madzi othira klorini, kenako n'kusamba m'manja. Zonsezi zikonzedwe wodwala asanatuluke m'chipatala, ndipo ngati n'kotheka ayeserere kukhala ndi kudzuka pampandopo opaleshoni isanachitike.

Nanga ngati tili ndi chimbudzi chamadzi chokhalira?

Vuto lake ndi kufupika. Kwa munthu wamtali, zimbudzi zambiri zimakhala zotsika moti podzuka amakakamizika kuweramira kutsogolo. Pali chokhalira chapulasitiki choika pamwamba chomwe chimakweza ndi masentimita 5 mpaka 10, kapena mukhoza kuimika mpando woboola uja pamwamba pake. Pokhala, bwererani m'mbuyo mpaka miyendo ikhudze chimbudzi, gwirani pogwirira, tsikani pang'onopang'ono. Podzuka, sunthirani kutsogolo, kankhani ndi miyendo ndi manja. Musadzikoke pogwira sinki kapena chitsulo chopachikapo thaulo, popeza zimenezo sizinamangidwe kuti zinyamule munthu.

Ndidzipukuta bwanji popeza ndaletsedwa kupotoza thupi?

Ili ndilo funso lomwe ambiri amaliganizira usiku koma osalifunsa. Masiku oyambirira mudzafuna thandizo la namwino kapena la wokuyang'anirani, chifukwa kusuntha kulikonse kumapweteka. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri ambiri amayamba kudzithandiza okha, ndipo amene anamangidwa mafupa a msana a kumbuyo kwa chifuwa okha amafulumira kuposa amene zitsulo zawo zinatsika mpaka m'chiuno.

Njira yosavuta kwa ambiri ndi kuimirira, kupinda mawondo pang'ono, dzanja limodzi likugwira pogwirira, linalo n'kupita kumbuyo mapewa ndi chiuno zikuyang'ana kumodzi. Ena amapeza bwino akakhala pampando n'kupendekera mbali imodzi thupi lonse pamodzi. Atsikana ndi amayi azipukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ngakhale zikhale zovuta, chifukwa kuchita mosemphanitsa kumatengera tizilombo ku njira ya mkodzo, yomwe ingakhale kuti yakhudzidwa kale ndi kapaipi kaja.

Madzi amachepetsa ntchito. Botolo lapulasitiki lofinyika, loboola pachitsekerero, limapopera madzi ofunda pamalo oyenera popanda kupinda msana, kenako n'kungoumitsa ndi pepala. Mapepala onyowa opukutira ana amayeretsa msanga kuposa pepala louma, koma asatayidwe m'chimbudzi chamadzi chifukwa amatseka mapaipi. Palinso kandodo kogwirira pepala komwe kamatalikitsa mkono. Ngati sikakupezeka, chopanira chachitali cha kukhitchini chimagwira ntchito yomweyo, malinga chikhale cha ntchito imeneyo yokha ndipo chizitsukidwa nthawi zonse. Chinthu choyenera kusamala kwambiri ndi chakuti bala la ena limatsika mpaka pafupi ndi matako. Popukuta kapena popopera madzi, zonyansa zisapite cha kubandeji, ndipo bandeji ikadetsedwa isinthidwe tsiku lomwelo.

Ndingayambe liti kusamba thupi lonse?

Zimatengera mmene bala latsekedwera ndi mtundu wa bandeji. Madokotala ena amalola kusamba pakapita masiku 3 mpaka 5 ngati bandeji ndi yosalowa madzi, pamene ena amafuna kuti bala likhale louma mpaka ulusi kapena timawaya tosokera titachotsedwa, zomwe zimachitika pakapita masiku 10 mpaka 14. Podikira nthawiyo, dzipukuteni ndi kansalu konyowa ndi sopo, kuyambira kumaso, m'khwapa, mpaka kumalo obisika, kumsana n'kusiyako.

Akakulolani, madzi azingoyenderera pabala, osalikwecha, ndipo muliumitse pongogunditsa thaulo loyera. Timapulasitala tating'ono tomata chopingasa pabala timagwa tokha, musatimatule. Musapake mafuta odzola, paudala kapena mankhwala azitsamba pabala lisanapole. Kuviika thupi m'bafa losambiramo chokhala, kusambira padziwe, kunyanja kapena kumtsinje n'koletsedwa mpaka bala litatsekeka kwathunthu, zomwe kawirikawiri zimatenga milungu 4 mpaka 6, ndipo madzi a kunyanja ndi kumtsinje amafuna chilolezo cha dokotala chapadera.

Timasamba madzi a m'ndowa, tilibe shawa. Tichite bwanji?

Kusamba kwa masiku onse, kowerama n'kumatunga madzi ndi manja m'beseni lili pansi, n'kosatheka. Ikani ndowa patebulo kapena pampando wolimba kuti ifike m'chiuno, wodwala akhale pampando wina wosaterera, azitunga ndi kapu kapena jagi yaing'ono. Madzi atengedwe ndi munthu wina. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, pomwe wochitidwa opaleshoni amaloledwa makilogalamu ochepa chabe pa milungu yoyamba, ndipo kusenza pamutu ndiye kuiwaliretu mpaka dokotala atanena.

Madzi akhale ofunda, osati otentha kwambiri, pa zifukwa ziwiri. Khungu lozungulira bala limakhala ladzanzi kwa miyezi ingapo, ndiye munthu akhoza kupsa osamva. Komanso kutentha kumatsitsa kuthamanga kwa magazi, ndipo munthu wochepa magazi amatha kukomoka m'bafa. Yesani madzi ndi mkono musanathire kumsana. Pa maulendo oyamba pakhale munthu pafupi, ndipo chitseko chisakhomedwe mkati. Madzi othira pafupi ndi bala akhale oyera. Ngati ndi a pachitsime chosatetezedwa, awiritsidwe kaye n'kuzizidwa. Sopo akagwa pansi musamutole. Kumuika m'sokosi yakale n'kuimangirira pamsomali kumathetsa vuto limenelo.

Nanga tsitsi, mano ndi mapazi?

Tsitsi ndi bwino kulikonza opaleshoni isanachitike: kulimeta lifupike, kapena kuliluka mizere yosavuta yopanda zitsulo, yosakhala ndi mfundo yaikulu kunkhongo yomwe ingasowetse mtendere pogona chagada. Kuluka komwe kumafuna kukhala pansi maola ambiri khosi litapindika kudikire kaye, chimodzimodzi kutsukitsa tsitsi kusaluni mutu utagonekedwa chagada pasinki. Kunyumba, khalani chowongoka, wina athire madzi bala litaphimbidwa.

Potsuka mano imirirani chowongoka ndipo mulavulire m'kapu m'malo moweramira sinki kapena pansi. Mapazi ndi miyendo zimatsukika ndi chinkhupule chomangirira kundodo, kapena kansalu kakatali kogwira nsonga zonse ziwiri. Pakati pa zala za kumapazi pamafunika kuumitsidwa bwino, ndipo ntchito imeneyi pamodzi ndi kuwenga zikhadabo ndi ya wothandiza kwa milungu ingapo. Valani nsapato zongolowetsa phazi koma zogwira chidendene. Mapatapata onyowa ndi omwe amagwetsa anthu.

Bwanji ndikayamba msambo ndili m'chipatala kapena nditangotuluka?

Msambo suletsa opaleshoni, koma uzani namwino. Thupi likasokonezeka ndi opaleshoni yaikulu, msambo umatha kubwera msanga, kuchedwa, kapena kudumpha mwezi, choncho tengani mapadi ngakhale masiku anu ali kutali. Mapadi ndi osavuta kusiyana ndi zolowetsa mkati, zomwe zimafuna kuwerama. Kuti musavutike, matani padi pakabudula wamkati musanavale, mutakhala pampando, wina n'kukuthandizani kukweza mpaka m'mawondo. Amene amagwiritsa ntchito nsalu kapena mapadi ochapa asachape okha chowerama. Beseni likwezedwe patebulo, kapena mayi kapena mchemwali athandize. Ngati magazi akutuluka ochuluka kuposa nthawi zonse ndipo mukumva chizungulire, dziwitsani achipatala, popeza magazi anu ndi ochepa kale.

Ndikuchita manyazi kuthandizidwa. Athandize ndani?

Wodwalayo asankhe yekha, ndipo asankhe opaleshoni isanachitike. M'mabanja ambiri mnyamata wamkulu sangalole kuti mayi ake amusambitse, ndipo mtsikana sangathandizidwe ndi bambo ake; mwambo umenewu ulemekezedwe pokonza kuti pakhale mchimwene, malume, azakhali kapena mchemwali amene angakhalepo masiku oyambawo. Wothandiza aphimbe wodwala ndi chitenje n'kumavundukula malo okhawo omwe akutsuka, amusiye achite yekha zomwe angathe, ndipo zomwe waona zisakhale nkhani kwa obwera kudzazonda.

Manyazi amavulaza m'njira yooneka. Wachinyamata amene sakufuna kuvutitsa anthu amachepetsa kumwa madzi, amakana chakudya ndiponso amasunga chimbudzi, ndipo zotsatira zake ndi kudzimbidwa koopsa ndi matenda a m'chikhodzodzo. Makolo akaona kuti mwana akukana madzi, aganizire kaye za chimbudzi asanamunene kuti ndi wamakani.

Usiku ndichite bwanji?

Musapite panja mumdima pa milungu yoyamba. Mpando woboola ukhale pafupi ndi bedi, tochi ikhale pofikira dzanja, ndipo pansi pasakhale mikeka yopiringizika kapena nsapato. Anyamata angagwiritse ntchito botolo lokamwa kwakukulu. Podzuka, pindani mawondo, gubuduzikani ngati chipika, mapewa ndi chiuno zitembenukire limodzi, tsitsani miyendo uku mukudzikankha ndi mkono, kenako khalani kaye m'mphepete mwa bedi mpaka chizungulire chithe. Amene amagona pamphasa kapena pamatiresi apansi apezeredwe bedi, ngakhale lobwereka, chifukwa kudzuka kuchokera pansi kuli ndi mavuto omwe aja a chimbudzi chonjuta.

Andipatsa chomangira msana choti ndizivala. Khungu ndilisamale bwanji?

Si onse amapatsidwa chomangira chimenechi. Ngati mwapatsidwa, valani malaya a thonje opanda makwinya mkati mwake, muziwasintha akanyowa ndi thukuta, makamaka nyengo yotentha, ndipo wina aziyang'ana khungu tsiku ndi tsiku. Malo ofiira omwe sakuzimiririka pakapita theka la ola mutavula aonetsedwe kwa amene anachikonza. Funsani dokotala ngati mukuloledwa kuchivula posamba ndi popita kuchimbudzi.

Ndi zizindikiro ziti zofuna kuthamangira kuchipatala?

Pitani nthawi yomweyo, ngakhale usiku, ngati mkodzo kapena chimbudzi zikutuluka inu osazindikira, ngati mukulephereratu kukodza, ngati mwachita dzanzi kumalo obisika ndi pakati pa ntchafu, kapena ngati miyendo yayamba kufooka mwatsopano. Zimenezi zikhoza kusonyeza kuti mitsempha ya mumsana ikupanikizika, ndipo kuchedwa kwa maola kungasiye chilema. Pitaninso msanga ngati mukusanza mobwerezabwereza, makamaka zobiriwira za ndulu, mimba itatupa. Kwa odwala ena, makamaka oonda, kuwongoka kwa msana kumachititsa kuti gawo loyamba la matumbo lipanikizidwe ndi mtsempha wa magazi, ndipo vutoli limatha kuyamba patapita sabata imodzi kapena ziwiri, munthu ali kale kunyumba, moti n'kosavuta kuliyesa kudzimbidwa wamba.

Pabala, yang'anirani kufiira kofalikira, kutupa, kutentha, mafinya, fungo, madzi otuluka osaleka kapena kutseguka kwa bala. Popeza mwiniwake sangaone kumsana, wothandiza aziyang'ana tsiku lililonse pa nthawi yosamba. Thupi likatentha kufika madigiri 38, musangoganiza kuti ndi malungo n'kugula mankhwala pagolosale. Kayezetseni, ndipo muuze achipatala kuti muli ndi zitsulo mumsana. Kuwotcha pokodza, mkodzo wonunkha, ndi kutupa kwa katumba wa mwendo umodzi nazonso n'zofuna kuonedwa tsiku lomwelo.

Ndidzabwerera liti ku ukhondo wanga wa masiku onse, ndipo ndidzathanso kunjuta?

Ambiri amadzipukuta ndi kuvala okha pofika sabata yachiwiri kapena yachitatu, ndipo achinyamata amabwerera kusukulu pakapita milungu 4 mpaka 6. Mwana asanabwerere, makolo akaone chimbudzi cha pasukulupo. Ngati ndi chonjuta chokha, akambirane ndi aphunzitsi aakulu zoika mpando kapena zomulola kugwiritsa ntchito chimbudzi chokhalira cha aphunzitsi. Pa ulendo wautali wa pabasi, kapena wa pandege kwa omwe anakachitidwira opaleshoni kunja, vuto ndi lomweli, choncho chitani chimbudzi musananyamuke, tengani mapepala onyowa, ndipo musadzimane madzi poopa kutsika panjira.

Mafupa omwe anamangidwa sadzapindikanso, koma kuwerama kwakukulu kwa munthu kumachokera m'mfundo za m'chiuno, ndipo zimenezo sizikhudzidwa. Ambiri amadzathanso kunjuta mafupa akagwirana, makamaka amene zitsulo zawo zinalekezera pamwamba pa chiuno. Amene anamangidwa mpaka mafupa am'munsi kwambiri amatha kupitiriza kugwiritsa ntchito mpando kapena kuika chitsulo chogwirira pakhoma la chimbudzi. Chilolezo choyambiranso kunjuta chichokere kwa dokotala ataona zithunzi za X-ray, ndipo dokotala wa mafizo akuphunzitseni kutsika ndi kudzuka msana uli chiwongokere musanayese nokha pachimbudzi chokumba.